ELM327 pa galimoto yakale: kachipangizo kabwino, mukadziwa chokafunsa

Ngati muli ndi galimoto yakale ndipo mumakonda kuigwira nokha, kachipangizo ka ELM327, kamene kamaonetsa pafoni zimene kompyuta ya injini ikuona, ndi koyenera kukhala nako. Ndanena poyambirira kuti amene muli pachangu mumve msanga. Koma anthu ambiri amene ndawaona ali nako amakagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri zokha: kuwerenga khodi, nambala imene kompyuta imalemba ikaona vuto, ndi kuzimitsa nyali ya check engine, imene imachenjeza za vuto la injini. Akatero amathamangira kukagula chitsulo chimene dzina lake latuluka pafoni, n'kudzadabwa nyali ija itayakanso. Zimandipweteka ndikaona zimenezi, chifukwa kachipangizo komweko kakanawauza zoona akanakafunsa bwino.

Kwa amene simunakaonepo, ndi kabokosi ka pulasitiki kotha kubisika m'chikhatho. Kali ndi mano 16 amene amalowa m'soketi ya OBD-II, yolumikizirapo zida zofufuzira mavuto a galimoto, yomwe nthawi zambiri imakhala pansi pa dashibodi, mbali ya dalaivala, chakumtunda kwa zopondera. Kalibe sikirini, kalibenso batire, moto kamatenga kugalimoto komweko. Ntchito yake ndi ya womasulira basi. Pulogalamu ya pafoni imafunsa funso, iko kamalipereka kwa kompyuta ya injini m'chilankhulo chimene kompyutayo imamva, kenako n'kubweza yankho kudzera pa Bluetooth. Ine ndimakagwiritsa ntchito pa galimoto ya 2004, ya petulo, ya masilinda anayi, pulagi iliyonse ili ndi koilo yakeyake, ndipo inadutsa kale makilomita 200,000. Zimene ndinene pano zachokera pagalimoto imeneyi ndi zina za anzanga zimene ndagwirako.

Musanagule, dziwani kaye ngati galimoto yanu ingalankhule nako. OBD-II inakhala lamulo ku United States pa magalimoto a 1996 kupita m'tsogolo. Ku Ulaya lamulo lofanana nalo, lotchedwa EOBD, linayamba ndi magalimoto a petulo mu 2001, a dizilo n'kutsatira pofika 2004. Galimoto yopangidwira misika imeneyi m'zaka zimenezi kapena pambuyo pake siivuta. Pomwe pamavuta ndi pa magalimoto opangidwira msika wa ku Japan m'zaka zoyambirira za m'ma 2000. Ambiri ali ndi soketi yomweyo ya mabowo 16, kachipangizoka kamalowa bwinobwino n'kuyaka, koma kompyuta ya injini siyankha mafunso wamba a OBD-II. Apa musafulumire kukataya. Lowani m'pulogalamu, musankhe mtundu wa galimoto yanu pa mndandanda wa njira zolumikizira, ndipo nthawi zambiri zimatseguka. Ngati galimoto yanu ndi ya 1995 kubwerera m'mbuyo, kawirikawiri kachipangizoka sikakuthandizani. Magalimoto amenewo ali ndi njira zawo. Pa Toyota zambiri za nthawi imeneyo, mwachitsanzo, umalumikiza TE1 ndi E1 ndi kawaya, n'kumawerenga mmene nyali ya check engine ikuphethirira.

Soketi ndi imodzi koma zilankhulo zake zilipo zisanu. Magalimoto ambiri akale a ku Japan ndi ku Ulaya amalankhulira pa waya umodzi wotchedwa K-line, umene uli pa bowo la nambala 7. Atsopanoko amagwiritsa ntchito chilankhulo chotchedwa CAN, pa mabowo 6 ndi 14, ndipo ku United States CAN inakhala yokakamiza kuyambira 2008. Tengani tochi, muwerame, muunike m'soketimo. Si mabowo onse amene ali ndi tizitsulo mkati, ndipo amene ali nato ndi amene akukuuzani chilankhulo cha galimoto yanu. Zimenezi n'zofunika chifukwa cha nkhani ya zipangizo zokopera.

Chip yeniyeni ya ELM327, imene ndi ubongo wa kachipangizoka, inapangidwa ndi kampani ya ku Canada ya ELM Electronics, koma zambiri zimene zadzaza pamsika ndi zokopera, zopangidwa ndi anthu osadziwika, zopanda ngakhale dzina la wopanga pabokosi. Zina amazilemba kuti v1.5, zina v2.1. Kampani yeniyeniyo sinatulutsepo v1.5, choncho chilichonse cholembedwa choncho ndi chokopera, palibe kukayikira. Chodabwitsa n'chakuti pakati pa zokoperazo, za v1.5 zokhala ndi chip ya PIC18F25K80 ndi zimene zimamvana bwino ndi magalimoto akale. Zambiri zolembedwa v2.1 zimagwira pa CAN pokha, zikafika pa K-line zimangozungulira osalumikiza, kapena zimalumikiza n'kumaduka pakapita kanthawi. Kanga ndi ka v1.5. Mnzanga wina anabwera ndi ka v2.1, kaonekedwe n'chimodzimodzi, pulasitiki yabuluu yomweyo. Pagalimoto yake yatsopanoko kankagwira, pa yanga kanakana. Ngati wogulitsa akulola, kayeseni pagalimoto yanu musanalipire. Ndipo ngati mukudziwa kuti muzikagwiritsa ntchito kawirikawiri, ndi bwino kugula kokhala ndi dzina la kampani yodziwika imene imayankha mafunso kakavuta.

A iPhone samalani apa. Zipangizo zambiri zoterezi zimagwiritsa ntchito Bluetooth ya mtundu wakale imene iPhone siilola pa ntchito imeneyi, choncho funani ka Wi-Fi kapena kolembedwa Bluetooth LE. Pa Android palibe vuto limeneli. Kulumikiza kwake n'kosavuta: lowetsani kachipangizoka, tembenuzani kiyi mpaka nyali za padashibodi ziyake, sakani pa Bluetooth, ikafunsa nambala yesani 1234 kapena 0000. Kakapanda kuyaka n'komwe, onani fyuzi musanakaimbe mlandu. Bowo la 16 limayenera kukhala ndi moto wa batire nthawi zonse, mabowo 4 ndi 5 ndi earth, ndipo pa magalimoto ena fyuzi ya soketiyi ndi yomweyo ya choyatsira ndudu, imene imapsa kawirikawiri ndi machaja a foni. Pa mapulogalamu, ndagwiritsa ntchito Torque ndi Car Scanner, ndipo onse ndi abwino. Ndimakonda Car Scanner pa magalimoto ovuta kulumikiza, Torque ndimaikonda chifukwa ndimatha kudziikira mawotchi anga oonetsa manambala a injini pasikirini mmene ndikufunira.

Tsopano makhodi. Khodi imayamba ndi chilembo: P ndi za injini ndi giya, B ndi za bodi, C ndi za kunsi monga mabuleki, U ndi za kulankhulana kwa makompyuta a m'galimoto. Zoyamba ndi P0 tanthauzo lake ndi limodzi pa galimoto iliyonse, pamene zoyamba ndi P1 ndi za wopanga galimotoyo, ndipo apa matanthauzo amene pulogalamu imapereka musawakhulupirire musanaone buku la galimoto yanu. Chofunika kwambiri kumvetsa n'chakuti khodi imanena zimene kompyuta yaona. Sinena chimene chawonongeka. P0171 imatanthauza kuti kompyuta yaona mpweya wochuluka poyerekeza ndi petulo. Amene waona zimenezi ndi sensa ya okosijeni, ndiye anthu ambiri amasintha sensayo, pamene iyo yangonena zoona. Wopalamula amakhala kwina, ndipo kuti mumupeze muyenera kuchoka pa tsamba la makhodi n'kupita pa tsamba la manambala amene akusintha injini ikulira. Kwa ine ndalama ya kachipangizoka imabwerera pa tsamba limeneli.

Manambala amene ndimayamba kuyang'ana ndi a fuel trim. Injini ya petulo imafuna magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Kompyuta imayeza mpweya wolowa pogwiritsa ntchito sensa ya MAF, imene ili pafupi ndi sefa ya mpweya, n'kuwerengera petulo woyenera. Kenako sensa ya okosijeni ya paekizozi imaiuza ngati yalakwitsa, ndipo kompyuta imawonjezera kapena kuchepetsa petulo. Kukonza kumeneku ndi kumene mumaona pafoni m'maperesenti. STFT ndi kukonza kwa pompopompo, kumavinavina nthawi zonse. LTFT ndi zimene kompyuta yaphunzira pakapita nthawi n'kuzisunga. Injini yabwino manambalawa amakhala pafupi ndi ziro, mwina 5 kumtunda kapena kumunsi. Akadutsa 10 ndiye kuti pali chinachake, ngakhale nyali isanayake. Nyali imayaka mochedwa, manambala atakwera kale kwambiri.

Galimoto yanga itatulutsa P0171, inkayenda bwinobwino pamsewu, koma ikaima inkanjenjemera pang'ono, moti chiwongolero chinkamveka m'manja. Ndinaisiya itenthe kaye, chifukwa injini yozizira sikonza petulo potengera sensa ya okosijeni, ndiye manambala ake sanena kanthu. Itatentha, ili chiimire, LTFT inali pa +18. Ndinaponda moto mpaka 2,500 rpm, kutanthauza kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi, n'kugwira pomwepo, ndipo manambala anatsika mpaka cha m'ma +4. Kusiyana kumeneku kunandiuza kolowera. Injini ikamalira itaima, throttle, kachitseko kolowetsa mpweya mu injini, imakhala pafupifupi yotseka, mpweya wolowa ndi wochepa, ndipo mu manifold, mapaipi ogawira mpweya ku masilinda, mumakoka mwamphamvu. Kabowo kakang'ono kamalowetsa mpweya umene MAF sinauwerenge, ndipo pa mpweya wochepawo, wakubawu ndi gawo lalikulu. Ukaponda moto mpweya umachuluka, kabowo kaja sikaonekanso. Choncho ndinadziwa kuti ndikufuna pomwe pakudontha mpweya, pakati pa throttle ndi injini.

Ndinatsegula boneti n'kuyamba kufinya mapaipi a labala limodzilimodzi, foni ili pambali ndikuiyang'ana. Poyang'ana pamwamba onse ankaoneka athunthu. Nditafika pa kapaipi ka PCV, kamene kamachoka pachivundikiro cha injini kupita ku manifold, ndinamva kuti labala yake yauma gwa. Ndinakatsina ndi pulayala yokutidwa ndi kansalu chakufupi ndi manifold, ndipo STFT inagwa nthawi yomweyo kupita kumunsi kwa ziro, kulira kwa injini n'kusintha. Nditakazula n'kukatembenuza, mng'alu unali kunsi, pa chigongono, wautali ngati chikhadabo, m'mphepete mwake muli mafuta akuda osakanikirana ndi fumbi. Kapaipi kali pamalo pake mng'aluwo unkabisika, sukanauona ngakhale ndi tochi. Nditaika katsopano LTFT inayamba kutsika pang'onopang'ono ndikuyenda, mpaka inakhazikika pafupi ndi +3. Ena pofufuza malo otere amapopera mankhwala otsukira carburettor n'kumamvetsera ngati injini isinthe kulira. Njirayo imagwira, koma ine sindiikonda, chifukwa mankhwalawo amayaka, ndipo ekizozi yotentha ili pomwepo. Kutsina mapaipi kapena kupopera madzi pang'ono kumandikwanira.

Zikanakhala kuti manambala ali bwino injini itaima, koma akukwera ukaponda moto kapena pokwera chitunda, ndikanaloza kwina: sensa ya MAF yakuda imene ikuwerenga mpweya mopereweza, sefa ya petulo yotsekeka, kapena pampu ya petulo imene yatopa. MAF imatsukika, koma ndi mankhwala ake enieni, osakhudza kawaya ka mkati ndi chala kapena nsalu, ndipo muisiye iume musanaibwezere. Khodi ndi imodzi yomweyo, P0171, koma zoyambitsa zake n'zosiyana kotheratu, ndipo chimene chimazisiyanitsa ndi mphindi zochepa zoyang'ana manambala pa liwiro la injini losiyana.

Pa silinda imene sikuwotcha mafuta, kachipangizoka kamapulumutsa nthawi kwambiri. P0301 ndi silinda yoyamba, P0302 yachiwiri, choncho mpaka yomaliza, pamene P0300 ikutanthauza kuti vuto likudumphadumpha kapena lili ponseponse. Yanga itatulutsa P0302 sindinagule kanthu. Ndinamasula koilo ya silinda yachiwiri n'kuisinthanitsa ndi ya yachitatu, kabawuti kamodzi ndi kasoketi kamodzi pa iliyonse, ndinafufuta khodi, n'kuyendako. Khodi inabwera ili P0303. Vuto linasamuka limodzi ndi koilo, ndiye panalibenso chokambirana. Likanakhalabe pa yachiwiri ndikanasinthanitsa mapulagi, kenako kuona injector yopopera petulo, pomalizira pake kuyeza compression, mphamvu imene silinda imapanikizira mpweya. Pozula koilo unikani m'dzenje la pulagi. Mukapezamo oyilo ndiye kuti gasketi ya chivundikiro ikudontha, ndipo koilo yatsopano idzaonongekanso mukapanda kuikonza. Chinthu chimodzi chimene ndikupemphani musachinyozere: nyali ya check engine ikamaphethira m'malo mongoyaka, ndiye kuti petulo wosapsa akupita muekizozi wochuluka moti angathe kuwotcha catalytic converter, chipangizo cha paekizozi choyeretsa utsi. Chotsani phazi pamoto, imani pamalo abwino. Koilo imodzi siingafanane mtengo ndi catalytic converter.

Kwina kumene kachipangizoka kanandionetsa zimene dashibodi imabisa ndi kutentha kwa injini. Singano ya padashibodi pa magalimoto ambiri inapangidwa kuti izikhala pakati, ngakhale madzi asinthe ndi madigiri ambiri ndithu, kuti dalaivala asamade nkhawa. Foni imakupatsa nambala yeniyeni imene kompyuta ikuona. Yanga ndikayenda pamsewu wopanda zoimaima inkatsika mpaka cha m'ma madigiri 68, ndikaima n'kumakwera. Thermostat, kavalavu kolola madzi kupita ku radiator injini ikatentha, pa magalimoto ambiri a mtundu umenewu imatseguka pa madigiri 82, choncho injini yotentha siyenera kutsika chonchi. Thermostat inali itakakamira yotsegula. Khodi ya vuto limeneli ndi P0128, koma sinali itatuluka. Injini yoyenda yozizira imamwa petulo wambiri ndipo oyilo wake amada msanga, ndiye musamvere amene amati thermostat ndi yongochotsa n'kutaya. Ikaonongeka ikani ina, ndipo chivundikiro cha radiator musachitsegule injini ili yotentha.

Pali kayezedwe kena kosavuta kamene ndimakakonda. M'mawa, galimoto itagona usiku wonse, tembenuzani kiyi osailiza, muyerekeze kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya wolowa. Zonse zakhala pamalo amodzi usiku wonse, ndiye manambala ayenera kuyandikana. Akatalikirana kwambiri, sensa imodzi ikunama. Mukaona -40, kawirikawiri ndi waya woduka kapena soketi yozuka, chifukwa imeneyo ndi nambala imene kompyuta imaonetsa ikapanda kumva chilichonse. Ndaonapo munthu atavutika ndi nyali chifukwa choiwala kubwezera soketi ya MAF atasintha sefa ya mpweya, ndipo -40 pa mpweya wolowa inaulula nthawi yomweyo, popeza pa magalimoto ambiri sensa ya kutentha kwa mpweya imakhala mu MAF momwemo.

P0420 ndi khodi imene imaopsa eni magalimoto akale, chifukwa imatchula catalytic converter. Apanso yang'anani manambala kaye. Sensa ya okosijeni ya kumbuyo kwa catalytic converter imayenera kukhala yodekha injini ikatentha, osasinthasintha kwambiri. Ikamakwera ndi kutsika mofulumira pakati pa 0.1 ndi 0.9 V, ndiye kuti catalytic converter sikugwiradi ntchito yake, kapena ekizozi yabooka penapake pafupi ndi sensayo. Fufuzani kubookako musanatulutse ndalama zambiri. Dziwaninso kuti pa magalimoto ambiri a ku Japan a zaka za m'ma 2000, sensa ya kutsogolo ndi ya mtundu wina, wa air-fuel ratio, imene sivina pakati pa 0.1 ndi 0.9 ngati zakale. Mukaiona itaima malo amodzi musaiyese yakufa. Ndipo catalytic converter ikafadi, funsani chimene chaipha. Nthawi zambiri ndi silinda imene yakhala ikuphonya kwa nthawi yaitali kapena injini yowotcha oyilo.

Batani lofufutira makhodi ndi limene ndimaona kuti opanga mapulogalamu analiika pafupi kwambiri ndi chala. Khodi ikamalembedwa, kompyuta imasunganso chithunzi cha nthawiyo, chotchedwa freeze frame: liwiro la galimoto, rpm, kutentha kwa madzi, fuel trim. Chithunzichi chimakuuzani ngati vuto linabwera injini ili yozizira kapena yotentha, itaima kapena ikuthamanga. Mukafufuta khodi chimapita nacho limodzi, ndipo ngati mudzapite kwa makaniko, mwamulanda umboni. Jambulani sikirini kaye. Kufufuta kumabwezanso kumbuyo mayeso amene kompyuta imadzichitira yokha pa catalytic converter, pa masensa a okosijeni ndi zina, otchedwa readiness monitors. Amakhala osamalizidwa mpaka galimoto itayenda mokwanira m'mayendedwe osiyanasiyana. Izi n'zothandiza kwambiri pogula galimoto yogwiritsidwapo ntchito. Mukailumikiza n'kupeza kuti palibe khodi, koma mayeso ambiri akuti sanamalizidwe, ndiye kuti makhodi afufutidwa posachedwa kapena batire linachotsedwa. Si nthawi zonse pamene pali chinyengo, koma muli ndi chifukwa chofunsira, ndi chifukwa choiyendetsera mtunda wautaliko musanagwirizane. Onaninso tsamba la pending codes, kumene kumakhala mavuto amene kompyuta yawaona kamodzi ndipo ikudikira kuwaonanso isanayatse nyali.

Zofooka zake zilipo, ndipo zina n'zazikulu. Lamulo la OBD-II linabwera chifukwa cha utsi woipitsa mpweya, choncho zimene galimoto iliyonse imakakamizidwa kuyankha ndi zokhudza injini ndi utsi. Nyali ya mabuleki a ABS kapena ya airbag ikayaka pagalimoto yakale, kawirikawiri ELM327 ndi pulogalamu wamba sizikuonetsani kanthu. Pa yanga sizioneka n'komwe. Pamafunika makina amene amadziwa chilankhulo cha wopanga galimotoyo, ndipo za airbag ine ndimasiyira amene anaziphunzira. Chachiwiri, kompyuta imadziwa zokhazo zimene zili ndi sensa. Mabuleki otha, ball joint yogwedera, bearing yolira, lamba wong'aluka, clutch yoterera, zonsezi sizitulutsa khodi. Zimafuna maso, makutu ndi manja, galimoto itakwezedwa n'kukhazikidwa pa masitandi, osati pa jeke yokha. Galimoto ikakana kulira, kachipangizoka kamathandiza pa chinthu chimodzi chachikulu: yang'anani rpm uku mukutembenuza kiyi. Ikakhala pa ziro pamene sitata ikuzungulitsa injini, kayikirani sensa ya crankshaft kapena mawaya ake. Kupitirira apo, kaya ndi mphamvu ya pampu ya petulo, kaya ndi moto wa papulagi, muyenera kuyeza ndi zida zina.

Pa K-line kamachedwanso. Waya umenewu umanyamula mauthenga pang'onopang'ono, ndipo pulogalamu imafunsa nambala imodziimodzi motsatizana. Mukadzaza sikirini ndi mawotchi khumi, iliyonse imasintha mwa apo ndi apo, moti kuvina kwa sensa ya okosijeni simungakuone bwino. Sankhani atatu kapena anayi okhudza zimene mukufufuza. Poyenda pamsewu musayang'ane foni. Mapulogalamu onse awiri amatha kujambula manambala kuti mudzawaone mutaima, kapena tengani mnzanu akhale pambali azikuwerengerani.

Mphamvu ya batire imene kamaonetsa musaidalire kotheratu, chifukwa zokoperazi zimatha kuphonya ndi pang'ono, ndipo pa batire pang'onopo ndi nkhani. Batire lodzaza, galimoto itapuma, limakhala cha pa 12.6 V, ndipo injini ikulira alternator imalikweza kufika pakati pa 13.5 ndi 14.7 V. Yezani kamodzi ndi multimeter pamitu ya batire, muyerekeze ndi zimene foni ikunena, kuti mudziwe mmene kanuko kamaphonyera. Multimeter ndi ELM327 ndimaziona kuti zimayendera limodzi: china chimakuuza dera limene kuli vuto, chinacho chimatsimikiza ngati ndi sensa, waya kapena soketi yadzimbiri. Komanso mukamaliza kazuleni. Bowo la 16 lili ndi moto ngakhale kiyi ili m'thumba, ndipo zokopera zambiri sizigona, zimamwa batire pang'onopang'ono. Pagalimoto yoyenda tsiku ndi tsiku simungazindikire, koma yoima nthawi yaitali ndi batire lokalamba mudzaipeza siikulira. Kuwonjezera apo nambala ija ya 1234 siisinthika, aliyense amene ali pafupi ndi foni akhoza kulumikiza. Mano ake nawonso ndi ofewa, choncho kalowetseni mowongoka, musakapotoze pozula, kuti musakulitse mabowo a soketi ya galimoto.

Tsiku limene mwagula musadikire kuti nyali iyake. Kalumikizeni galimoto ili bwinobwino, itenthe, mulembe m'kabuku: STFT ndi LTFT itaima komanso pa 2,500 rpm, magalamu a mpweya amene MAF ikuwerenga pa sekondi imodzi itaima, kutentha kwa madzi pamsewu, digiri imene fani ya radiator imayakira ndi imene imazimira, ndi mphamvu ya batire nyali zonse zitayaka. Lembaninso makilomita a tsikulo. Manambala a m'mabuku ndi a injini yatsopano, pamene yanu ili ndi akeake, ndipo tsiku limene idzayambe kunjenjemera mudzafuna poyerekezera. Ine ndimawalembanso nthawi iliyonse ndikasintha oyilo, patsamba lomwelo.